Nsawawa Zonenepa za Don Cipriano

Kumudzi wa Pachaj munthu ankadziwika ndi chimanga chake. Nkhope ukhoza kuiwala, koma ukaona zikonyo zopachikidwa pakhonde unkadziwa kuti izi n'za kwa a Yos, izi n'za kwa a Mactzul. Ukaona chachitali ngati mkono, choyera mbee, mizere yowongoka mpaka kunsonga, chitsononkho chake chofiira, sunkafunsanso: chinali cha Don Cipriano Sisimit. Ngakhale odana nawo sankatsutsa zimenezi. Akuluwa chimanga ankachidziwa, ndipo choipa chake n'chakuti eni akewo ankadziwanso kuti palibe wowaposa.

Mbewuyo anailandira kwa bambo awo, amenenso anailandira kwa agogo, ndipo ankaiumira koopsa. Ukawapempha ngakhale kadzanja kamodzi ankakuuza kuti mbewu yabwino m'manja mwa waulesi ndi chakudya cha anankafumbwe. Chaka chilichonse pa tsiku la Candelaria, chikondwerero cha makandulo cha kumayambiriro kwa Febuluwale, amuna akamapita ndi zikonyo zambewu kutchalitchi kuti ansembe akazidalitse, onse ankaphimba madengu awo ndi nsalu, koma la Don Cipriano linkayenda losaphimba kuti aliyense atsuke maso. Akafika pakhomo la tchalitchi ankavundukula dengu la Bonifacio Canú, compadre wawo, amene mwana wake woyamba anamunyamula ndi iwo paubatizo.

"Compadre, izi mwabwera nazo kuti zidalitsidwe, kapena zilandire mafuta a odwala?" ankatero mokweza kuti onse amve. "Taonani anthuni, m'kamwa mwa nkhalamba! Dzino kuno, dzino uko."

Bonifacio ankangoseka nawo n'kubwezeretsa nsalu yake. Akanatani? Chimanga chinamukana kuyambira ali mnyamata. Ankadzala mochedwa, kupalira mochedwa, ndipo m'mudzi monse panalibe womutchula ndi dzina laulemu lakuti Don. Koma zaka zitatu m'mbuyomo munthu yemweyu anapatula theka la munda wake n'kudzalamo nsawawa zachitchaina, zija zimakwera ndege kupita ku America. Tsopano nyumba yake inali yamalata, wailesi ikulira pazenera, mkazi wake akuyenda ndi bulauzi yatsopano yopeta maluwa. Don Cipriano akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali ngati pafera galu. Nsanje inkawadya, ngakhale akanalolera kufa kusiyana n'kuvomera.

Tsono chaka chimenecho akuluakulu a tchalitchi anawasankha kukhala mayordomo wa Candelaria. Mayordomo ndiye amadyetsa mudzi wonse pa chikondwererocho, amalemba oimba marimba, amagula makombola, ndipo pa tsikulo amayenda patsogolo pa onse ndi dengu lake la mbewu n'kuyamba ndiye kuliika paguwa. Don Cipriano anaudikira ulemu umenewu zaka makumi awiri, ndipo phwando wamba sankalifuna. Ankafuna ng'ombe yathunthu, marimba a ku Tecpán a anthu asanu ndi atatu ovala masuti ofanana, ndi makombola oti agalu a midzi itatu akabisale kunsi kwa bedi. Koma chimanga cha munda wa cuerda zisanu ndi imodzi, wosakwana n'komwe maekala awiri, ngakhale chikongole bwanji, sichigula ng'ombe.

Mu Seputembala kunabwera mlangizi wa kampani yotumiza ndiwo zamasamba kunja, mnyamata wa mumzinda dzina lake Rodas. Ankamutcha Injiniya, chifukwa kwathu kuno aliyense wovala kapu ndi kuyendera galimoto ya kampani ndi injiniya. Anasonkhanitsa amuna m'kalasi ya pasukulu, madoda a imvi atapanikizana pa timadesiki ta ana, iye n'kujambula mabokosi awiri pabolodi.

"Ili ndi dziko la America, ili ndi lathu," anatero akuloza ndi choko. "Kumeneko munda umodzi ndi ngati kuchokera pano kukafika ku Chimaltenango, wosalala, ndipo munthu mmodzi ndi makina ake amakolola chimanga chodyetsa boma lonse. Koma manja alibe, ndipo Disembala akafika nthaka yawo imauma gwa ndi chisanu. Inu malo mulibe, makina mulibe, koma manja muli nawo, ndipo kuno zinthu zimamera chaka chonse. Ndiye mukulimbirananji nawo pa chimanga? Limani chimene iwo chimawavuta, mugule chimene iwo sichiwavuta. Nonse mupindula. Anthu ophunzira anaziwerengera kalekale zimenezi."

Don Cipriano anaimirira, kadesiki kakulendewera m'chiuno.

"A Injiniya, chimanga changa munachionapo inu?"

"Mbiri yake ndinaimva, Don Cipriano. Cuerda imodzi imakupatsani matumba angati?"

"Asanu," anayankha akuluwo atatulutsa chifuwa, poti anzawo ankapeza atatu.

"Cuerda yomweyo mutadzala nsawawa ikhoza kukugulirani matumba makumi awiri. Ndiye kuti chaka chilichonse ukatswiri wanuwo umakudyerani matumba khumi ndi asanu."

M'kalasimo anthu anaseka, ndipo wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti wanzeru ndi Bonifacio, eti?" Mawu amenewo ndi amene anagwetsa chimanga cha Don Cipriano, osati mabokosi a pabolodi aja. Zina zonse zimene Injiniya ananena pambuyo pake, za kathyoledwe, za masiku ake, za zimene ogulawo amafuna, zinangowadutsa. Mutu wawo unali pa ng'ombe.

Kuti nsawawa zibereke mu Januwale, mtengo uli pamwamba, zinayenera kudzalidwa mu Okutobala, ndipo mu Okutobala chimanga chinali chikadali chachiwisi m'munda. M'mawa wina Doña Eulalia, akazi awo amene anakhala nawo pabanja zaka makumi atatu, anawapeza akunola chikwanje.

"Cipriano, chikwanjecho n'cha chiyani?"

"Ndikukachotsa chimanga."

"Mutu ukuyenda bwino? Chimanga chikadali ndi mkaka, inu mukachiteme? Bambo anu akanakhala moyo bwenzi atakutemani inuyo."

"Bambo anga za malonda a mayiko sanazimve. Chimanga tidzagula, mayi. Cha ku America, chotchipa, chobwera pa sitima."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Siyaniko theka."

"Theka ndi zochita za Bonifacio, munthu wamantha."

"Ndiye siyani mizere iwiri yokha kumalire kuja, ikhale ya mbewu. Pa Candelaria mudzanyamula chiyani?"

"Kudenga la kukhitchini kuli zikonyo khumi zotsala chaka chatha, zokongola kuposa zonse. Mizere iwiri ndi mapaundi angati a nsawawa? Musandiphunzitse ulimi."

Anatema masiku atatu. Chimanga chachiwisicho anagulitsa pa mtengo wozizira kwa amayi ootcha m'mbali mwa msewu, mapesi n'kupita kwa munthu wa ng'ombe. Doña Eulalia ankatsatira m'mbuyo akutola zikonyo zogwa, chilichonse akuchipepesa chapansipansi, paja kwathu chimanga sichisiyidwa pansi ngati chinyalala. Odutsa m'njira ankaima, kugwedeza mitu, n'kupitirira. Sabata yomweyo Don Cipriano anatsitsa zikonyo khumi zija kudenga, poona kuti utsi ukuzidetsa, n'kukazitsekera m'bokosi limodzi ndi suti yawo ya paukwati. Ankafuna kuti pa tsikulo zidzakhale zoyera zoti munthu atsinzine.

Tisawanamizire, nsawawazo anazilima ngati anabadwira momwemo. Mitengo anazika yowongoka, zingwe anakoka zolimba, udzu sunkaloledwa kugona m'mundamo usiku uwiri. Pofika Khirisimasi mbewuzo zinali zitapitirira chipewa cha munthu, ndipo Injiniya anabwera ndi alendo awiri kudzazijambula, iye ataima patsogolo ngati khasu analigwirako. Chaka chatsopano chitangolowa, maluwa oyera anayamba kuyoyoka, tizitheba n'kulendewera paliponse.

Bonifacio anabwera kudzaona, chipewa chili m'manja.

"Compadre, mwatiposa tonse," anatero, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima. "Koma mawa muyambe kuthyola. Izi sizidikira munthu. Mukathyola lero, mkuja mubwerezenso. Chitheba chikangotalika ngati chala, chikadali chopyapyala, chichoke."

"Chopyapyala? M'katimu mulibe kanthu."

"Amafuna zomwezo."

"Ndani?"

"Azunguwo. Amakazinga choncho, ndi makoko omwe."

Don Cipriano anathyola chimodzi n'kuchiyang'ana padzuwa. M'kati munkaoneka timaso tating'onoting'ono, toti ngakhale mwanapiye akhoza kutinyoza.

"Compadre, tandiuzani. Amagula powerenga kapena pa sikelo?"

"Pa sikelo. Pa paundi."

"Ndiye munthu wogula pa sikelo akuuzeni kuti thyolani chisanalemere, inu n'kuvomera? Zaka zitatu akukuberani masanasana, inu n'kumawavulira chipewa! Ine anthu a mumzinda ndimawadziwa. Agogo anga anawabera pa khofi, bambo anga pa tirigu. Ine ndiye ayi."

"Compadre, mverani..."

"Munthu amene chimanga chinamukana asandiuze tsiku lokolola."

Bonifacio anavala chipewa chake n'kumapita. Choipa chake n'chakuti maganizo a Don Ciprianowa sanali a chitsiru. Anali a mlimi wa chimanga ndi nyemba, amene moyo wake wonse anaphunzira chinthu chimodzi: chosakhwima sichikololedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero, ndipo pa chimanga mwambiwo unali usanawagwiritsepo mwala. Kuti padziko pano pali anthu olipira ndege kuti iwabweretsere chitheba chopanda kanthu m'kati, zimenezo mutu wawo unakana.

"Comadre, akazi a Bonifacio, amathyola zopyapyala ndipo akugona m'nyumba yamalata," anatero Doña Eulalia akuwapatsa khofi. "Inu muli ndi nzeru, ndipo denga likudontha."

"Wokhudza mbewu zanga ndisananene, aone msana wa njira."

Anadikira masiku khumi ndi awiri. Zithebazo zinatupa, zinanenepa ngati zala za mwini sitolo, ndipo m'mawa uliwonse akuluwa ankazisisita akumwetulira. Kenako analemba amayi asanu ndi mmodzi odzathyola. Amayiwo, amene anali atazolowera ntchitoyi m'minda ya ena, atangolowa m'mundamo anayang'anana, koma wolemba ntchito sauzidwa, makamaka ameneyu. Dengu loyamba ataliika pa sikelo linalemera kuwirikiza kawiri la Bonifacio. Don Cipriano anayamba kuganiza zoti mwina ng'ombe zikhale ziwiri.

Kwa ogula a m'mbali mwa msewu anakana kugulitsa, ati amenewo ndi akuba ang'onoang'ono. Anachita hayala galimoto, n'kukweza matumba makumi atatu, iwo atakhala kutsogolo ndi chipewa cha Lamulungu, ulendo wa kumalo olongedzera a kampani kufupi ndi Chimaltenango.

Kumeneko kunali chishedi chozizira, amayi ovala tizipewa toyera atandandalika m'mbali mwa matebulo aataliatali, manja akuthamanga. Pakhomo pankalandira katundu mayi wina wojintcha, Seño Griselda, cholembera chili kukhutu. Anamasula thumba loyamba, n'kumasula lachiwiri, kenako anatembenukira m'shedimo.

"Atsikana, tabwerani mudzaone zaticherezazi!"

Anabwera anayi, n'kugwira pakamwa.

"Bambo, izi n'chiyani?"

"Nsawawa. Zokhwima bwino, osati zamphepo zimene mumabera nazo anthuzi. Ikani pa sikelo, ndipo ndikuyang'ana."

"Sikelo yake iti? Izi ngakhale paundi imodzi sindilandira." Anathyola chitheba chimodzi, ulusi n'kutsalira ukulendewera. "Mwaona? Mzungu akaona chotupa chonchi amati chakalamba, chimamukola m'mano. Amafuna chopyapyala, chowongoka, chopanda ndi kadontho komwe. Zoterezi zikapezeka m'bokosi limodzi amatibwezera katundu yense."

"Ndiye kuti anthu amenewo amadyadi makoko? Kwawoko ndi anthu kapena mbuzi?"

"Mbuzi zake zili ndi madola, bambo. Inu muli ndi chiyani? Chotsani galimotoyo, kumbuyoko kuli anthu odziwa ntchito."

Nthawi yomweyo Injiniya Rodas anatulukira mu ofesi, makiyi akulira m'manja. Don Cipriano anamuthamangira, chipewa cha Lamulungu chija chitavulidwa kale.

"A Injiniya, paja munati tonse tipindula."

"Ndinanenanso za kathyoledwe, Don Cipriano, inu muli pomwepo. Msika sunama." Anawasisita paphewa ngati mwana wolephera mayeso, n'kukwera galimoto yake. Munthu ameneyu nsawawazo anali asanazilawepo n'kamodzi komwe, ndipo malipiro ake pakutha pa mwezi sankaona kuti zatupa kapena ayi.

Don Cipriano anayesa kumsika wa ku Chimaltenango. Amayi a kumeneko anagula matumba awiri pa ndalama yosakwana ndi hayala yomwe, akunena kuti zachilendozi anthu sazidziwa kuphika kwake. Dalaivala anayamba kuyang'ana wotchi. Pobwerera anaima pa chigwembe china cha m'mbali mwa msewu, pamene aliyense wobwezedwa amakhuthulira manyazi ake. Pansi pake panali kale milu yobiriwira, ina itayamba kununkha. Don Cipriano anakhuthula matumba awo mmodzimmodzi, n'kusungako atatu a nkhumba yawo. Nkhumbayo inadya masiku awiri, lachitatu inangonunkhiza n'kukagona.

Anadzilimbitsa mtima kuti mbewu zikadali m'munda, zibereka zina, ulendo uno athyola zopyapyalazo poti dziko lapenga. Koma nsawawa ukailola kukhwimitsa ana ake imati ntchito yatha. Maluwa analeka, masamba anayamba kuchita chikasu kuchokera pansi, ndipo patangotha sabata munda wonse unali zingwe ndi mitengo yowongoka bwino ija. Candelaria inali itatsala masabata awiri.

Chimanga chotchipa chija chinalipodi, pamenepo Injiniya sananame. Chinali m'sitolo ya ku Tecpán, chachikasu, chosweka, chafumbi, m'matumba ojambulidwa nkhuku. Kungoti chotchipa nachonso chimafuna ndalama. Anagulitsa nkhumba ija n'kugula matumba anayi. Matortilla ake, timikate topyapyala tomwe ndiye nsima ya kwathu kuno, ankang'ambika pa chiwaya, ndipo ankanunkha ngati m'khola. Doña Eulalia ankangowaika patebulo choncho. M'mawa uliwonse ankamanga nsalu kumutu n'kupita kukathyola nsawawa kwa Bonifacio pa ganyu. Zala zawo zinapezeka kuti n'zachangu kuposa za aliyense, ndipo ndalama ya zalazo ndi imene inagula nkhuku za phwando.

Ng'ombe inasanduka nkhuku khumi ndi ziwiri. Marimba a ku Tecpán anasanduka nkhalamba zitatu za m'mudzi momwemo, imodzi yogontha. Zimenezi zinali zowawa, koma zopiririka, paja amayordomo osauka analipo kale ndipo mudzi unadya n'kuiwala. Chimene chinali chisanachitikepo ku Pachaj ndi mayordomo wopanda mbewu. Pamenepo Don Cipriano mtima unali m'malo. Zonse zikhoza kuchepa, koma dengu lawo likadutsa, anthu adzakumbukira kuti iwo ndi ndani.

Kutatsala masiku awiri anatsegula bokosi lija. Suti ya paukwati inali yoyera ndi ufa. Ananyamula chikonyo chimodzi, chopepuka ngati chisa cha mbalame, njere iliyonse ili ndi kabowo, ndipo tizilombo takuda tinayamba kuwayenda pamkono. Ananyamula chachiwiri, chachitatu, mpaka chakhumi. Mwana aliyense ku Pachaj amadziwa chifukwa chake mbewu imakhala pa utsi. Iwo anaichotsapo kuti ikongole.

Anakhala pansi pomwepo. Mantha anawagwira, osati a kusekedwa okha. Mbewu imene inadutsa m'manja mwa agogo awo, imene bambo awo anathawa nayo m'thumba la jekete chaka cha chivomezi, inathera m'manja mwawo, ndipo panalibe mzungu kapena injiniya woti amuloze chala. Doña Eulalia anawapeza akusefa ufawo ndi zala, kufunafuna njere yamoyo.

"Pitani kwa compadre," anatero.

"Kwa Bonifacio? Bola kufa."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. A Yos munawakaniza mbewu, a Mactzul munawatcha aulesi pamaso pa ana awo. Watsala ndani woti akutsegulireni chitseko?"

M'mawa mwake anadzera njira ya kuseri kwa minda. Bonifacio anali pakhonde lake lamalata, ndipo anawapatsa mpando ndi khofi ngati palibe chimene chachitika. Don Cipriano analankhula za chisanu, za msewu, za mtengo wa makandulo. Khofi atatha, nkhani zitatha, anayang'ana m'kati mwa chipewa chawo.

"Compadre, ndabwera ndi vuto. Mbewu."

Bonifacio sanafunse kanthu, paja comadre wake, Doña Eulalia, anali atafotokoza kale pothyola nsawawa. Analowa kukhitchini n'kutuluka ndi mtolo wa zikonyo zakuda ndi utsi, zazifupi, zokhota, zamipata.

"Zilipo ndi zomwezi," anatero akuziika pa mawondo a mlendo wake. "Zoyembekezera mafuta a odwala zija."

Mwa chizolowezi Don Cipriano anatenga chimodzi n'kuchitembenuza, chala chikuyenda m'mizere. Pamene panali mpata anapala mwaye ndi chikhadabo, n'kuima. Chitsononkho chake chinali chofiira.

"Izi munazitenga kuti?"

"Kwa inu. Tsiku lobatiza mwana wanga Rosenda, mutalawako kachasu, munandipatsa zikonyo ziwiri, mukuti compadre wanga asadye zonyozeka. Kutacha munaiwala, ine sindinakukumbutseni, ndinkaopa kuti mundilanda." Bonifacio anaseka pang'ono. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri mwakhala mukuseka chimanga cha bambo anu, compadre. M'manja mwanga chimabereka chonchi."

Don Cipriano anachitembenuzanso chikonyocho.

"Injiniya uja ine sindimukonda," anapitiriza Bonifacio, "koma inu munangomva theka la zimene ananena. Ine chimanga chinandikana, inu nsawawa zakukanani. Mvula ikagwa mudzadzale chimanga m'munda mwanu ndi m'theka langa lija, tidzagawana. Ine ndi azimayiwa tizidyetsa mbuzi za ku America. Tonse tidya. Nanga sizimene anajambula pabolodi zija?"

Akuluwo anakulunga zikonyozo m'jekete n'kubwerera njira ya kuseri ija. Kunyumba anayesa kuzitsuka, kuzipala, kusankha zooneka bwino, koma chachifupi sichitalika ndi madzi.

Tsiku la Candelaria makombola analira asanu ndi limodzi, agalu osadzuka n'komwe. Nkhalamba zitatu zija zinaimba marimba, yogontha ija ili pa nyimbo yakeyake. Doña Eulalia anabweretsa nsalu yawo yabwino, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo Don Cipriano anaphimba dengu. Anayenda patsogolo pa mudzi wonse, lubani akufuka, amuna onse ali pambuyo ndi madengu awo. Nsaluyo inalankhula yokha, ndipo manong'onong'o anayambira kumbuyo kwa mzere mpaka kuwapeza.

Pakhomo la tchalitchi nkhalamba Mactzul, ija anaitcha yaulesi, inatulukira kutsogolo. Inawapatsa moni waulemu wonse woyenera mayordomo, kenako inatambasula dzanja n'kuvundukula dengulo, monga momwe eni akewo ankachitira ndi la mnzawo. Anthu anasuzumira. Ku Pachaj safunsa kuti chimanga ichi n'cha yani.

"Taonani anthuni," anatero Mactzul mosafulumira. "Dzino kuno, dzino uko."

Kuseka kunayambira kwa amuna, kunafika kwa amayi, mpaka wonyamula mtanda anagwedezeka mapewa. Bonifacio yekha ndiye anayang'ana pansi.

Don Cipriano anachotseratu nsaluyo n'kuipereka kwa akazi awo.

"N'cha bambo anga," anatero. "Chimanga ichi n'cha bambo anga."

Apo ndiye anthu anafa nazo kuseka, poganiza kuti akuluwa akufuna kunamiza mudzi wonse masanasana. Iwo analowa m'tchalitchi, atagwira kadengu kopepukako ndi manja awiri, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kuguwa. Anakaika pamalo oyamba, pamene makandulo amawala kwambiri, n'kugwada. Anagwada nthawi yaitali kuposa mayordomo wina aliyense amene anthu ankamukumbukira, mpaka ansembe anatsokomola kawiri, chifukwa ankadziwa kuti akadzuka ayenera kutembenuka n'kuyang'ana anthu.